NZERU ZA SAYANSI PAKHOMO PATHU: Madzi okwera okha ndi kadontho ka magazi kopimira malungo

Akulu akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo ananena zoona. Mvula ikagwa pa mapiri a Mpangwe madzi ake amatsikira kumunsi, nalowa m'mifuleni, ndipo palibe munthu anaonapo mtsinje wa Kapoche kapena wa Vubwi ulikukwera phiri. Komatu m'nyumba iliyonse m'mene muli koloboyi, parafini amakwera yekha usiku ndi usiku kucokera pansi pa botolo kufikira pa moto, popanda womutunga kapena womukankha. Mpendero wa citenje ukakhudza madzi pamjigo, cinyezi cimakwera m'nsalu mpaka m'maondo. Tsono madzi amene saiwala khwawa ndi a m'njira zazikulu. Akalowa m'tinjira tocepetsetsa, tosaoneka ndi maso, amatsata malamulo ena.

Nkhani imeneyi ikukhudza banja lililonse m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, makamaka m'miyezi ya dzinja pamene udzudzu umaswana m'zithaphwi. Mwana akatentha thupi, mai amamubereka kupita naye ku kiliniki kapena kwa wodzipereka wa zaumoyo wa m'mudzi. Kumeneko amamubaya kacala, natenga kadontho ka magazi, naika m'kapulasitiki koyera kotalika ngati cala ca munthu wamkulu, kamene a zaumoyo amakacha RDT. Madandaulo amene timamva kawirikawiri ndi awiri. Ena amati anamwino amatidikiritsa dala pamene mwana ali kubuula. Ena amati kapulasitiki kananama, kanati mulibe malungo, ndipo anatimana Coartem. Madandaulo onse awiri yankho lake lili m'kayendedwe ka madzi m'kati mwa kapulasitikiko.

Tiyambe ndi miyeso, pakuti popanda iyo nkhaniyi siingamveke. Pa rula ya mwana wa sukulu timizere tocepetsa timaonetsa milimita. Milimita imodzi mukaigawa magawo 1,000, gawo limodzi ndilo maikulomita. Tsitsi la munthu m'mimba mwake ndi maikulomita 70 kapena kuyandikira pamenepo. Maikulomita imodzi mukaigawanso magawo 1,000, mwafika pa nanomita. Tinjira timene tikukamba lero ndi ta miyeso iwiri imeneyi.

M'mtsinje madzi ndi ambiri, ndipo amene akhudza gombe ndi ocepa, kotero kulemera kwa madziwo ndiko kumalamulira. M'kanjira kopapatiza zinthu zimatembenuka: madzi ndi ocepa, ndipo pafupifupi onse ali pafupi ndi khoma. Madzi ali ndi khalidwe lomamatira ku zinthu monga thonje, pepala, galasi ndi dothi, ndiponso amagwirana okhaokha, ndico cifukwa cake kadontho ka mame pa tsamba la coko kamakhala kobulungira. Madzi a m'mbali akagwira khoma amakwawira patsogolo, nakoka anzao amene ali pambuyo. Njira ikacepa, kukoka kumeneku kumaposa kulemera. Sing'anga wa ku England dzina lake James Jurin analongosola zimenezi mu 1718. M'kapaipi ka galasi kamene m'mimba mwake ndi milimita imodzi, madzi amakwera okha masentimita 3. Mukacepetsa kapaipiko kakhumi, madzi amakwera masentimita 30. Cingwe ca nyale ndico mtolo wa timapaipi totere pakati pa ulusi ndi ulusi.

Alimi a madimba amazidziwa izi ngakhale sanamvepo za Jurin. M'dambo, mwezi wa September, madzi ali pansi koma mizu ya repu ndi mpiru imapeza cinyezi, pakuti madzi amakwera m'timipata ta dothi. Dothi la makande lili ndi timipata tocepa, limakweza madzi patali ndipo limawasunga. Mcenga uli ndi mipata yaikulu, ndipo umauma msanga. Wophimba bedi ndi udzu amaletsa dzuwa kumwa madzi amene akwera kufika pamwamba.

Tsopano titsegule kapulasitiki kaja. M'kati mwake mulibe batire, mulibe waya, mulibe makina. Muli kampepala kakatali kokhala ndi timabowo tosawerengeka, ta maikulomita owerengeka cabe m'mimba mwake, ndipo kumapeto kuli kapepala kena kocindikala komwa madzi ngati thonje. Kampepalako ndi cingwe ca nyale cimene anacigoneka. Wopima amatenga magazi okwana maikulolita 5, ndiko kunena ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a dontho la madzi wamba. Ngakhale ndi ocepa motero, muli maselo ofiira a magazi oposa mamiliyoni 20. Kenaka amadonthezera madzi a m'kabotolo kobwera pamodzi ndi kapulasitikiko. Madzi amenewa amaswa maselo ofiira, natulutsa zimene zili m'kati mwake, ndi kunyamula zonse kupita nazo m'kampepala.

Kacirombo ka malungo oopsa, kamene dzina lake ndi Plasmodium falciparum, kamakhala m'kati mwa selo lofiira, ndipo kamapanga puloteni yakeyake yochedwa HRP2, imene thupi la munthu silipanga. Imeneyi ndiyo imene zipangizo zambiri zopimira malungo zimafunafuna, monga mlenje amene sanaone nyama koma waona mapazi ake. Pa ciyambi ca kampepala anaikapo tinthu togwira puloteni imeneyo, ndipo kanthu kalikonse anakamangirira kambulu ka utoto, kamene m'zipangizo zambiri ndi golide weniweni wa nanomita ngati 40. Golide akacepa kufika pamenepo saonekanso wacikasu, amaoneka wofiira. Abale athu a ku Vubwi amene amadziwa mtengo wa golide asabvutike kutola tipulasitiki totayidwa: ngakhale mutadzaza thumba simungapeze wogula naye ngakhale mcere, ndipo muli magazi a odwala, oyenera kuochedwa ku cipatala.

Madzi akamayenda amafika pa mzere woyamba, pamene pali cilembo T. Pamenepo anacherapo misampha yosasuntha, monga mono m'khwawa. Ngati m'magazi munali puloteni ya kacirombo, imabwera itanyamula golide wake, nikodwa pamenepo, ndipo timibulu tikaunjikana tambirimbiri mzere wofiira umaoneka. Ngati munalibe, zonse zimangodutsa. Patsogolo pali mzere waciwiri, wa cilembo C, umene umagwira golide wotsala. Mzere wa C sunena kanthu za matenda. Umangocitira umboni kuti madzi anayenda ulendo wonse. Mizere iwiri ndiye kuti malungo alipo. Mzere wa C wokha ndiye kuti sanapezeke. Koma C akapanda kuoneka, kapulasitikiko kafa, ndipo wopima ayenera kutenga kena ndi kuyambiranso. Kholo lili ndi ufulu wopempha kuti lione mizereyo ndi maso ake.

Nanga kudikira kumabwera pati? Pano ndi pamene tiyenera kukhalitsa.

Coyamba, madzi oyenda okha m'pepala amathamanga poyamba, kenaka amayamba kuzengereza. Mphamvu yokoka ili kutsogolo kokha, pa malire a ponyowa ndi pouma, ndipo siionjezeka, koma mzere wa madzi amene iyenera kukoka umatalikiratalikira, ndipo onsewo ali kukhuzana ndi makoma. Zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo imene anthu akuonjezera matumba pa mudzi uliwonse. Edward Washburn wa ku America analemba lamulo lake mu 1921: kuti madzi ayende mtunda wowirikiza kawiri amafuna nthawi yowirikiza kanai. Yesani nokha ndi kansalu koyera, muviike nsonga yake m'mbale ya madzi. Cala coyamba cidzanyowa nthawi yomweyo, koma cacitatu ndi cacinai mudzaciyembekeza.

Caciwiri ndi cozizwitsa koposa. Mtsinje wodzala umacita timafunde, umazungulira, umabvundula matope, ndipo pamene mfuleni wa madzi ofiira ukumana ndi wa madzi oyera, patsogolo pang'ono onse asanganikirana. M'kanjira kopapatiza madzi sangathe kubvunduka. Osborne Reynolds anaonetsa zimenezi ku Manchester mu 1883. Anathira utoto pang'ono m'madzi oyenda m'paipi ya galasi. Pamene madzi anali kuyenda pang'onopang'ono utoto unakhala wowongoka ngati ulusi kucokera kuciyambi mpaka kumapeto, ndipo unabalalika pokhapokha atawathamangitsa. Iye anapeza kuti paipi ikacepa, kubvunduka kumabvutirabvutira. M'tinjira ta maikulomita madzi wamba amayenda mwaulemu ngati uci, ndipo mitundu iwiri ya madzi ingathe kuyenda pamodzi mbali ndi mbali monga anthu awiri osalankhulana m'njira ya kumunda.

Tsono ngati mulibe cobvundulira, puloteni ya kacirombo ikumana bwanji ndi msampha wake? Imakumana nao mwa kuyendayenda kwake kokha, pakuti tinthu tonse tosungunuka m'madzi timagwedezeka kosalekeza, kupita uku ndi uku popanda colinga. Ndi mmene shuga amafalikira m'tiyi wosatakasa. Kufalikira kumeneku n'kwa ulesi pa mtunda wautali: shuga amafuna pafupifupi tsiku lathunthu kuti ayende sentimita imodzi m'madzi odekha. Koma pa mtunda wa maikulomita khumi safuna ngakhale sekondi imodzi. Ici ndico cifukwa cake timabowo ta kampepala anatipanga tocepa motero, kuti kanthu kalikonse kodutsa kakhale pafupi ndi khoma pamene pali msampha. Komabe madzi ayenera kudutsa mofatsa, ndipo golide ayenera kuunjikana kambulu ndi kambulu mpaka diso la munthu lithe kumuona. Kwa wodwala amene ali ndi tizirombo tambiri mzere umaoneka msanga. Kwa amene ali ndi tocepa umacedwa, ndipo umabwera wotuwa. Wopima amene athamangira kunena kuti mulibe malungo pa mphindi zisanu angathe kubweza kunyumba mwana amene ali nao. Opanga zipangizozi amalemba nthawi yake pa pepala la m'bokosi, kawirikawiri mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu wake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Namwino amene ayang'ana koloko asananene kanthu ndiye amene akusamalira mwana wanu.

Kucedwetsa nakonso n'kolakwika. Nthawi yolembedwa ikapitirira kwambiri, kampepala kamayamba kuuma, madzi ena amabwerera m'mbuyo, ndipo pangathe kuoneka mthunzi wa mzere umene suli wa matenda. Amene amatenga kapulasitikiko kupita nako kunyumba, nakayang'ana madzulo, nati taonani mzere uja waoneka, anamwino anandinamiza, akuwerenga cinthu cimene cinatha kale nchito.

Momwemonso ndi muyeso wa magazi. Ena amaganiza kuti magazi akaculuka yankho lidzakhala loona koposa. Iai. Magazi oculuka amadetsa kampepala konse kukhala kofiira, ndipo mzere wotuwa umabisika. Madzi a m'kabotolo nao ali ndi ciwerengero ca madontho ake, ndipo salowedwa m'malo ndi madzi a pamjigo kapena a m'bokosi la mtundu wina. Inu odzipereka a m'midzi amene mumasunga mabokosi amenewa m'nyumba zanu, kumbukirani kuti misampha ija ndi mapuloteni, ndipo kutentha kumaiononga monga kumaphikira dzira. Bokosi lisakhale pansi pa malata m'mwezi wa October kapena pa zenera, ndipo kathumba kake kang'ambidwe pokhapokha wodwala ali pamaso panu, pakuti kampepala kakayamba kumwa cinyezi ca mumpweya sikayendetsanso bwino madzi.

Malamulo omwewa ali kugwira nchito m'thupi la wodwalayo, ndipo pamenepo ndi pamene pali imfa ndi moyo. Mitsempha ya magazi imagawikana monga nthambi za mtengo kufikira timitsempha ta maikulomita 5 mpaka 10. Selo lofiira ndi la maikulomita 7 kapena 8, kotero m'malo ambiri liyenera kupindika kuti lidutse, ndipo maselo amayenda pa mzere umodziumodzi. Sing'anga wa ku France, Jean Poiseuille, anafuna kumvetsa kayendedwe ka magazi, ndipo m'zaka za m'ma 1840 anapima madzi m'timapaipi ta galasi tocepetsetsa. Anapeza cinthu coopsa: kapaipi kakacepa ndi theka m'mimba mwake, madzi odutsamo sacepa ndi theka, amatsala gawo limodzi mwa magawo 16. Kacirombo ka falciparum kakakula m'selo lofiira, selolo limauma khosi, silipindikanso bwino, ndipo kunja kwake kumamera timfundo tomata timene timaligwiriza ku khoma la mtsempha. Khoma likakutidwa ndi maselo otere njira imacepa, ndipo mwa lamulo la Poiseuille kucepa pang'ono kumadula magazi ambiri. Zikacitika m'ubongo, mwana amasokonezeka, amakomoka, kapena amagwa ngati wakhunyu. Anthu amathamangira kuganizira za ufiti, pamene cimene cacitika ndi timitsempha totsekeka. Mwana wotentha thupi amene akomoka, amene akana kuyamwa kapena kumwa, amene asanza ciliconse, kapena amene afooka osatha kukhala tsonga, apite naye ku cipatala usiku womwewo, osayembekeza kuti kuce.

Acikulire akukumbukira masiku a chloroquine, pamene kutentha thupi kulikonse kunali kuchedwa malungo. Kuti munthu atsimikize, panafunika maikulosikopu ndi katswiri woyang'anamo, ndipo zimenezi zinali kupezeka m'zipatala zazikulu monga St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948, kapena Nyanje ku Sinda. Wa m'malire a Mozambique sakanatha kuyenda ulendo wotero cifukwa ca mutu wowawa, kotero anali kungomwa mapiritsi. M'kupita kwa zaka tizirombo tinazolowera chloroquine, ndipo mankhwalawo analeka kuciritsa. Dziko la Zambia linali limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kusintha, ndipo Coartem anayamba kufika m'zipatala za Boma mu 2003. Mu 2010 bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linalangiza kuti munthu aliyense woganiziridwa malungo apimidwe asanapatsidwe mankhwala. Ife tiona kuti langizo limeneli n'loyenera, ngakhale limakwiyitsa kholo limene layenda mtunda wautali nilibwerera lopanda mapiritsi amene linali kuyembekeza. Kutentha thupi kumabweranso ndi cibayo, matenda a m'khutu, zilonda za pakhosi, matenda a m'cikhodzodzo ndi ena ambiri. Mwana wa cibayo akapatsidwa Coartem, cibayo cake cimapitirira kukula pamene makolo akuti wamwa kale mankhwala. Yankho lakuti malungo sanapezeke silitanthauza kuti mwana sakudwala. Litanthauza kuti wa zaumoyo afunefune kwina, ndipo kholo limufunse kuti nanga n'ciani. Thupi likapitirira kutentha masiku awiri, bwererani naye akapimidwenso, pakuti tizirombo tingathe kukhala tocepa kwambiri tsiku loyamba.

Nzeru ya tinjira tocepa siinathere pa malungo. Makina ochedwa GeneXpert, amene WHO inabvomereza mu December 2010, amapima cifuwa cacikulu ca TB m'makhololo. Makhololo amaikidwa m'kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi tizipinda ndi tinjira, m'mene madzi amasunthidwa kucoka m'kacipinda kena kupita m'kena, ndipo yankho limatuluka pasanathe maola awiri, pamodzi ndi kudziwitsa ngati kacirombo kamakana mankhwala a rifampicin. Kale kumeretsa kacirombo ka TB kuti kadziwike bwino kunali kutenga masabata angapo. Zopimira mimba ndi zopimira HIV za mphindi zowerengeka zimayendera kampepala konga ka malungo komweko.

Kunsi kwa maikulomita kuli tinjira ta nanomita, ndipo tocepetsa mwa tonse tili m'thupi mwathu. Peter Agre wa ku America, pofufuza khungu la maselo ofiira, anapeza puloteni yokhala ndi kabowo pakati, ndipo mu 1992 iye ndi anzake anaonetsa kuti ndi khomo lolowera madzi. Kabowoko sikafika ngakhale theka la nanomita, kotero timadzi timadutsa kamodzikamodzi monga mbuzi pa khomo la khola, ndipo mcere umatsala kunja. Makomo amenewa, ochedwa aquaporin, ndi amene amathandiza impso. Pa tsiku limodzi impso za munthu wamkulu zimasefa malita ngati 180, ndiwo zigubu zisanu ndi zinai za malita 20, nizibweza pafupifupi onse m'magazi, kusiya lita imodzi ndi theka ya mkodzo. Agre analandira mphotho ya Nobel mu 2003, ndipo mu 2008 anakhala mkulu wa bungwe lofufuza za malungo la yunivesite ya Johns Hopkins, limene lagwira nchito zaka zambiri pamodzi ndi akatswiri a ku Macha, m'boma la Choma.

Pali cinthu cimodzi cimene kapulasitiki ka malungo sikangathe kusiyanitsa, ndipo makolo ayenera kucidziwa. Iko kamaona mapazi, osati nyama. Puloteni ya HRP2 imatsalira m'magazi masabata angapo tizirombo titafa kale, kotero munthu amene wamaliza Coartem bwinobwino angathe kuonetsa mizere iwiri ngakhale wacira. Mwana akatenthanso thupi patapita sabata imodzi kapena ziwiri atamwa mankhwala, musabise zimenezi poganiza kuti adzakudzudzulani. Nyamulani kabuku kake ka ku cipatala, muuze wopima tsiku limene anayamba mankhwala ndi limene anamaliza, ndiponso ngati anasanza ena mwa mapiritsiwo. Pamenepo wa zaumoyo adzadziwa kuti mzere wa T paokha sukwanira, ndipo angamutumize kumene kuli maikulosikopu kuti akaone ngati m'magazi mukali tizirombo tamoyo.